Mmene Malonda a Kwathu Anakwerera pa Tsamba la Alimi

Zaka za ku Vubwi

Ana anga, za ubwana wanga munamva kale pakamwa panga, sindibwerezanso. Ndiyambira pa tsiku limene ndinatsika lole ku Vubwi, fumbi lili mbuu mutu wonse, kudzayamba ntchito yotaipa mu ofesi ya bungwe la alimi. Nthawi imeneyo Vubwi anali asanakhale boma. Ofesi yathu inali kachipinda kumbuyo kwa shedi ya thonje, ndipo munali tebulo, mipando iwiri ndi makina otaipira okalamba. Riboni inkachokera ku Chipata, koma mvula ikaononga msewu tinkakhala nthawi yaitali osaiona, mpaka ndinaphunzira kuidonthezera mafuta a makina osokera kuti ilembeko pang'ono. Ntchito yanga yaikulu inali kutaipa mitengo ya chimanga, nshawa ndi thonje, n'kumata pepalalo pachitseko cha shedi. Anthu ankabwera pa njinga, ena ochokera kutsidya kwa malire a Malawi ndi Mozambiki, kudzangowerenga pepala limenelo. Ndi pamene ndinaona kuti mlimi akadziwa mtengo amalankhula ndi wogula mopanda mantha. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi atate anu akuphunzitsa pasukulu ya mishoni, ndipo iwe Misozi ndi iwe Dalitso munabadwira komweko.

Kusamukira ku Katete

Bungwe litakula anandisamutsira ku ofesi yaikulu ku Katete, yoyang'anira alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Ndinapezako kompyuta. Anzanga ena amene tinaphunzira limodzi kutaipa anaiopa mpaka anasiya ntchito, koma ine ndinati zala n'zomwezi, zilembo zili m'malo mwake momwemo, ndiopenji? Patapita zaka, anthu akunja amene ankathandiza bungwe anatilipirira webusaiti, imene ife tinkangoitchula kuti tsamba. Amene analikonza anali a Tembo, bambo wofatsa wokhala ku Lusaka koma kwawo ku Petauke. Anakhala nafe kanthawi akundiphunzitsa, ndipo pochoka anandisiyira makiyi onse, ndiye kuti mawu achinsinsi olowera mkati mwa tsambalo.

M'mawa uliwonse ndinkaimbira foni anthu athu m'misika ya maboma atatuwo, n'kulemba mitengo patsamba, pamodzi ndi za mvula ndi za matenda a ziweto. Si mlimi aliyense anali ndi foni yotsegula intaneti, koma m'mudzi uliwonse simunkalephera kukhala mphunzitsi kapena mkulu wa kalabu ya alimi amene ankawerengera anzake. Mavenda ogula mbewu m'midzi anayamba kutida, ndipo ine ndinkati bola, ndiye kuti zikugwira ntchito.

Bwana wathu m'zaka zimenezo anali a Sakala. Ndawatumikira mabwana angapo, ena aulesi, ena okonda kukalipa, koma a Sakala anali munthu wokonda alimi ndi mtima wonse. Vuto lawo linali changu. Akamva chinthu m'mawa ankafuna chichitike dzuwa lisanalowe.

Chaka chimene thandizo linatha

Anthu akunja aja anatitsanzika. Tsamba limafuna kulipiridwa malo pa seva, ndiyo kompyuta yaikulu ya kutali imene imalisunga kuti lizioneka usana ndi usiku, komanso mafoni anga a m'mawa aja sanali aulere. A Sakala anandiitana.

"Amayi Banda, tsamba lanu lija lizidzidyetsa lokha, apo ayi titseka. Ndamva kuti kuli kampani yakunja imene imaika yokha zotsatsa malonda patsamba, ife n'kumalandirako kangachepe. Lembetsani lero."

Ndinalembetsa. Zithunzi za malonda zinayamba kubwera zokha, ife osasankha. Poyamba zinali za nsapato ndi mafoni, ndipo sitinadandaule. Koma Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi, amayi Zulu anandikokera kuseri kwa mtengo wa mango. Amayi Zulu anali mtsogoleri wathu wa Chigwirizano cha amayi, komanso ankaimira alimi a ku Mkaika mu komiti ya bungwe. Anatulutsa foni m'chikwama ngati akutulutsa njoka.

"Anabanda, izi n'zanu?"

Pafupi ndi mtengo wa nshawa panali chithunzi cha mtsikana wovala kansalu kosakwana ngakhale kupukutira mbale, ndi mawu otsatsa mankhwala opatsa amuna mphamvu.

"Dzulo ndimawerengera kalabu yathu mitengo," anatero, "apongozi anga aamuna ali pompo, akusuzumira pafoni. Ndinasowa poika maso. Ngati ndi mmene zilili, ine ndiuza amayi onse asiye kutsegula."

Ndinapepesa, koma manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Lolemba m'mawa ndinachotsa zotsatsa zonsezo ndisanapemphe n'komwe, kenaka ndinakaonetsa a Sakala chithunzicho. Anagwira pakamwa, n'kunena kuti ndachita bwino, koma funso lawo linali lomwe lija: tsamba lidya chiyani?

Ndinaimbira a Tembo. Anaseka kaye mpaka kutsokomola, kenaka anati, "Amayi, njira ilipo. Pali pulogalamu yaulere imene mungaike pa seva yanu yomweyo. Imeneyo ndiyo imagawa zotsatsa patsamba, koma zimene mwaikamo inu nokha. Mumaiuza kuti chithunzi ichi chioneke apa, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ndipo imakuuzaninso kuti anthu achiona kangati. Koma ine kubwera sindingathe, ndili ndi ntchito kumigodi, ku Kopala. Muika nokha, ine ndizikuyankhani pafoni."

"Ine, a Tembo? Imvi zonsezi?"

"Imvi sizitaipa, amayi. Zimataipa ndi zala."

Nyengo yotentha ya chaka chomwecho

Chaka chimenecho malaiti ankathima pafupifupi tsiku lonse. Ofesi inalibe jenereta, choncho ndinkanyamula laputopu kupita kwa wometa tsitsi wina pafupi ndi msika, amene anali ndi kajenereta kake. Ndinkakhala pabenchi pakati pa azibambo odikira kumetedwa, magalasi ali pamphuno, malangizo a pulogalamuyo ndawasindikiza pamapepala. Anali m'Chingerezi chouma cha anthu a makina, ndipo mawu ena ndinkapita nawo kunyumba kuti atate anu andithandize kumasulira. Iwo ankati akhala akuphunzitsa Chingerezi moyo wao wonse koma ichi n'chilankhulo china.

Ntchito inali ndi masitepe ake. Choyamba kunali kutsitsa pulogalamuyo n'kuikweza pa seva. Netiweki inkaduka zinthu zili pakati, ine n'kuyambiranso, bandulo ikutha. Kenaka kunali kuipangira nkhokwe yake yosungiramo zonse, n'kuipatsa dzina ndi mawu achinsinsi. Apa ndinakanirira masiku angapo, pulogalamu ikungonena kuti siikutha kulowa m'nkhokwemo. A Tembo anandiuza kuti ndiwawerengere chilembo chimodzichimodzi, ndipo tinapeza kuti seva imadziwonjezera yokha kachidutswa kutsogolo kwa dzina limene ndinalemba. Nditalemba dzina lonse, chitseko chinatseguka. Ndinafuula "Yalowa!" mpaka wometa uja anaimitsa makina pamutu pa munthu.

Zitatero ndinagawa malo patsamba, monga mmene mumagawira munda: ndime yaitali pamwamba, ina pambali, ina pansi pa mitengo ya mbewu. Ndime iliyonse pulogalamu inkaipatsa timizere take ta zilembo zosamveka, timene ndinayenera kukopera n'kukamata mkati mwa tsamba. Nditamata koyamba, tsamba lonse linangoti mbee, kuyera, popanda mtengo wa chimanga, popanda kalikonse. Ndinangoona ngati ndaphwanya galimoto ya eni. Foni inayamba kulira, aphunzitsi a ku Sinda akufunsa kuti kodi mwatseka? Ndinaimbira a Tembo msangamsanga.

"Khalani pansi, amayi, palibe chafa. Munasunga tsamba lakale musanaligwire, monga ndinakuuzirani?"

"Ndinasunga."

"Bwezeretsani limenelo, ndiye muone pamene munamata."

Ndinali nditamata pakati pa mzere wina, n'kuudula pawiri. Nditakonza, ndinayesa ndi chithunzi cha nkhuku zanga za kunyumba, ndipo tambala wathu wofiira anaonekera pamwamba pa tsamba la alimi a maboma atatu. Ndinamusiya pamenepo mpaka madzulo, chifukwa cha chimwemwe chabe.

Chinanso chimene ndinaphunzira n'chakuti chithunzi cholemera chimadya bandulo ya mlimi, ndipo kumalo ngati Vubwi, kumene netiweki imachita kufunidwa pachulu, sichitseguka n'komwe. Ndinaphunzira kuzichepetsa zithunzi kuti zipepuke. Ndinakonzanso kuti wotsegula mitengo ya ku Sinda aziona malonda a ku Sinda kawirikawiri, wa ku Vubwi a ku Vubwi, koma nthawi zina zizisinthana kuti anthu adziwe za kwa anzawo.

Msonkhano wa komiti, mvula itayamba

Makina anali okonzeka, koma ndime zinali zopanda mbewu. Amalonda a kwathu anali asanamvepo zotsatsa pa intaneti. Ndi pamene kunabwera bambo wina wa suti yonyezimira, wotumidwa ndi kampani ya kubetcha pa mpira kudzera pafoni. Anauza a Sakala kuti atenga ndime zonse kwa chaka chathunthu, ndipo zimene ankapereka zikanasunga tsamba, kugula jenereta ndi kutsalako. A Sakala anabwera kutebulo langa nkhope ikuwala.

"Amayi Banda, Mulungu wayankha. Palibe zamaliseche, ndaona ndekha zithunzi zake. Ndi mpira basi."

M'kalabu ina ya ku Sinda ndinkadziwa banja limene mwamuna anagulitsa soya yense, n'kumalizira pafoni zonse zimene anapeza, akudikira kuti timu ina ya kutsidya kwa nyanja imulemeretse. Chaka chimenecho sanathire feteleza, ndipo mkazi wake anabwerera kwao ndi ana. Tsono taganizani: munthu watsegula tsamba kuti aone mtengo wa mbewu zake, tsiku lomwe ali ndi ndalama m'manja, ndipo pomwepo ife tamuikira khomo lakuti dinani apa muwine.

"Abwana," ndinatero, "zimenezi ine sindiika."

"Simuika? Nanga malipiro anu achokera kuti? Kubetcha n'kololedwa ndi lamulo. Munthu wamkulu amasankha yekha. Tikatseka tsamba, mavenda abwerera kukabera alimi omwewo amene mukuwamvera chisoni. Mwaganiza zimenezo?"

Zimene ankanena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandivuta. Ndinali nditatsala zaka zochepa kuti ndipume, iwe Dalitso unali ku koleji, ndipo ndikanachotsedwa ntchito sindikanaipezanso ina. Kunyumba, atate anu anangondifunsa funso limodzi: "Ukaika, udzatha kuwerengera amayi a Chigwirizano tsamba limenelo?" Ndinadziwa yankho.

Nkhani inapita ku komiti. A Sakala anafotokoza mbali yao bwinobwino, osandinyoza. Itafika nthawi yanga ndinaimirira.

"Akuluakulu, makiyi a tsamba ndi anu, si anga. Mukalamula kuti za kubetcha zikwere, ndipereka makiyi kwa amene mungamusankhe, ndipo ndimuphunzitsa mosabisa kanthu. Koma dzanja langa siliika. Chimene ndikupempha n'chakuti mundipatse mpaka nthawi ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Ndiyenda ndekha kwa amalonda a kwathu konkuno. Ndime zikadzakhala zopanda kanthu pofika nthawi imeneyo, ndidzachoka ndekha, simudzachita kundichotsa."

Kenaka amayi Zulu anakonza duku lao n'kunena kuti, "Ife alimi a ku Mkaika tili ndi ana aamuna amene mafoni awadya kale. Tisawatumizire chilombo pakhomo ndi dzina la bungwe. Apatseni nthawi Anabanda." Ena anatsutsa, mkangano unatenga nthawi, koma pomaliza manja ambiri anakwera kumbali yanga. Potuluka a Sakala anandiimitsa pakhonde. Ndinkayembekeza mawu owawa, koma anati, "Ndagonja, amayi, ngakhale sindikukhulupirira. Njinga yamoto ya ofesi muzitenga Lachiwiri ndi Lachinayi, dalaivala ndikupatsani. Mukagwa tigwera limodzi."

Kuyambira dzinja mpaka kukolola

Ndinayenda, ana inu. Ndinakwera njinga yamoto m'matope, chitenje nditamanga ngati wopita kudimba. Ndinkalowa m'sitolo iliyonse ya mbewu ndi mankhwala a ziweto, m'zigayo, kwa osoka, kwa ogulitsa matayala a njinga. Ambiri ankandiyang'ana ngati ndikugulitsa mphepo. Wina ku Katete anati, "Mami, ine ma kasitoma banga banidziwa kudala, intaneti ni ya ba ku Lusaka." Ndinkatulutsa foni, kujambula sitolo yake pomwepo, kulemba dzina lake pachithunzi, n'kuchikweza iye akuona. Akaona sitolo yake ikutuluka pafoni ya mnzake woyandikana naye, nkhope inkasintha. Ndinkawapatsa mwezi woyamba waulere, ndipo ukatha ndinkabwerera kukawaonetsa mmene pulogalamu yasonyezera kuti anthu aona malonda awo. Ena anapitiriza, ena anakana, ndipo panali masabata amene ndinkabwerera chimanjamanja n'kumadzifunsa ngati sindinalumbire mopupuluma pamaso pa komiti.

Ku Sinda, kuseri kwa msika, ndinapeza a Mwale, bambo wowotcherera zitsulo amene ankapanga ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Ngolo zao zinali zolimba, koma zinali zitaima pabwalo mpaka udzu kumera m'matayala.

"Amayi, ine kuwerenga ndimachita kuvutikira," anatero. "Za mafonizo ndi za ana. Ngolo munthu amagula ataigwira ndi manja."

"Aigwira bwanji asakudziwa kuti ili kuno? Ndiloleni ndiijambule. Mukapanda kuona kusintha, simulipira kanthu."

Anapukuta manja pa ovolosi, n'kukaimirira pambali pa ngolo ataongoka ngati msilikali. Ndinawauza kuti amwetulire, anakana. Chithunzi chimenecho ndinachiika kuti chizioneka kwambiri kwa otsegula mitengo ya thonje, makamaka a ku Vubwi, chifukwa ndinkadziwa kuti kumeneko minda ili kutali ndi misika ndipo wowotcherera wodalirika ndi wosowa.

Anthu atayamba kugulitsa mbewu, zinthu zinatembenuka. Wogulitsa mbewu wina ku Katete anauza anzake kuti kwabwera anthu a ku Kagoro akufunsa katundu amene anamuona pafoni. Amene anandikana aja anayamba kubwera okha ku ofesi, atavala bwino, kuti ndiwajambule. Kulamba itayandikira, eni nyumba zogona alendo ndi eni maminibasi anadzaza ndime zonse, chifukwa anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambiki ankafuna kudziwa kogona ndi chokwera popita ku Mkaika. Ndinachita kukonza kuti zithunzi zizisinthana pandime imodzi, wina akatsegula aone ichi, wina aone icho, kuti aliyense apeze mpata. Tsamba linalipira malo ake pa seva, linalipira mafoni, ndipo bungwe linagula sola ya ofesi, moti kwa wometa uja ndinkangopitako kukapereka moni.

Pamsonkhano wa komiti wotsatira a Sakala anaimirira okha. "Ine ndinkafuna kugulitsa munda wonse kwa mlendo mmodzi," anatero. "Amayi awa anati tilime tokha. Lembani m'malamulo a bungwe kuti patsamba lathu sipadzakwera za kubetcha, kaya ine ndilipo kaya ndachoka." Amayi Zulu anayambitsa nthungululu m'chipinda cha msonkhano, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Mwezi wanga wotsiriza pantchito

Ndinagwirabe zaka zingapo, ndipo ndisanapume ndinaphunzitsa amayi Phiri, amene anatenga malo anga, zonse zimene a Tembo anandiphunzitsa. Sabata yanga yomaliza, ndikulongedza za m'madirowa, ndinamva njinga yamoto ikuima panja. Analowa a Mwale a ku Sinda, chipewa chili m'manja, maso ali ofiira ndi utsi wa zitsulo. Sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Amayi Banda, ndabwera kudzadandaula."

Ndinaganiza kuti mwina talakwitsa nambala yao ya foni, kapena wina wawabera m'dzina lathu.

"Chalakwika n'chiyani, a Mwale?"

"Chithunzi chija muchichotse."

"Bwanji? Anthu sakubwera?"

"Sakubwera? Amayi, ine sindikupuma! A ku Vubwi akufuna ngolo, a ku Mozambiki akuimba foni m'chilankhulo chimene sindikumva, wina wachokera ku Chadiza wakhala pakhomo panga akuti sachoka mpaka yake ithe. Ndalemba anthu ntchito, ndagula makina ena, koma zitsulo zikundithera. Mkazi wanga akuti kutchalitchi andiiwala nkhope. Chotsani kaye, ndimalize za anthuwa, ndisadzatchedwe wabodza."

Amayi Phiri anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Sakala anatuluka mu ofesi yao kudzamva, n'kuwafunsa a Mwale kuti abwerezenso, ati akufuna amve bwino.

Ndinakhala pampando wanga komaliza, ndinalowa mu pulogalamu ija, ndinapeza chithunzi cha a Mwale ataima chilili pambali pa ngolo yao, ndipo ndinawaonetsa kabatani koimitsira.

"Sindikufufuta, ndikungoimitsa. Mukadzafuna, amayi Phiri adzadina pomwepa, chidzabwerera."

"Chidzabwerera chomwechi?"

"Chomwechi."

Anayang'anitsitsa chithunzicho kanthawi, akuzunguza chipewa m'manja.

"Ayi," anatero. "Podzabwezera mudzandijambule china. Pamenepa ndinali ndi nkhope ya njala."